Sitima Yotsimphina ya a Hokari

A Shozo Kazamaki anali ndi matenda amodzi amene anzawo onse a m'tauni ya Niitsu ankawadziwa: manja awo sankatha kudutsa chinthu chowonongeka osachigwira. Akalowa m'nyumba ya munthu n'kumva chitseko chikulira, ankayamba kupisa m'thumba kufuna kabotolo ka oyilo asanavule n'komwe nsapato. Moyo wawo wonse anagwira ntchito yokonza mabogi a sitima, ndipo atapuma sanasiye ayi, anangochepetsa msinkhu wa sitimazo. Tsopano ankakonza zing'onozing'ono zija, zoti mutu wake umakwana pachikhatho, zoyendera magetsi pa tinjanji towonda ngati timitengo todyera mpunga.

Gulu lawo linkakumana Lamlungu lililonse m'chipinda cha pamwamba pa sitolo yakale ya nsalu. Anali madala okhaokha, ena a ndodo, ena a mano oikirira, onse atazungulira thebulo lalikulu pamene anamangapo dziko lawolawo: mapiri a mapepala, mlatho, minda ya mpunga, siteshoni ya denga lofiira. Mlendo akalakwitsa n'kunena kuti "zidole zokongola bwanji," ankapatsidwa tiyi wake mwaulemu ndithu, koma sankaitanidwanso.

Chisanu chitangoyamba chaka chimenecho, gululo linataya munthu. A Masaji Hokari, amene anakulira mumsewu umodzi ndi a Kazamaki, anapezeka atagwa m'chipinda chawo cha pamwamba, pambali pa njanji zawo. Unali mtima. Ndiye panali mwambo umene madalawa anaukhazikitsa okha, mwina poona kuti chaka chilichonse mpando wina ukutsala wopanda munthu. Pakatha masabata asanu ndi awiri, tsiku limene wansembe wa ku kachisi amabwera kudzapereka mapemphero oti mzimu unyamuke, ankatenga sitima imene malemu ankaikonda kuposa zonse n'kuiyendetsa ulendo wotsanzikana.

Amene anabweretsa katoni ya sitima za malemuwo kunyumba kwa a Kazamaki anali a Nagumo, mdala wa mimba yaikulu amene kale ankayendetsa takisi, ndipo pakamwa pawo sipankatseka ngakhale pamaliro.

"Adokotala, landirani alendo," anatero a Nagumo akutula katoniyo pakhomo, poti ndi mmene ankawatchulira a Kazamaki, dokotala wa sitima. "Alamu athu a Tokie, akazi a malemu, akuti m'nyumba mwadzaza zidzukulu, zingapondeponde zinthuzi. Musunge kaye. Adzabwera okha kudzasankha yoti tiyendetse."

"Adzasankha okha? Munthu woti m'chipinda cha sitima cha Masaji chija sankalowamo n'komwe?"

"Ine ndangotumidwa. Kusunga, wamva? Ku-su-nga. Ndikukudziwa iwe."

A Kazamaki anangogwedeza dzanja kuwathamangitsa. Atatsala okha anatsegula katoni ija n'kupezamo timabokosi tisanu, ndipo m'kabokosi kalikonse munali mutu wa sitima ya malasha, wakuda bii. Yonse inali mtundu umodzi, D51, imene aliyense amangoti Degoichi.

Pankhani yozindikira sitima, a Kazamaki panalibe wowaposa m'gulumo. Ankangoyang'ana chumuni, nyale ya kutsogolo ndi makhalidwe a timapaipi ta m'mbali, n'kukuuzani fakitale imene inapanga kasitimako ndi chaka chake chomwe. Koma zisanuzi zinali za fakitale imodzi, chaka chimodzi. Chotsala chikanakhala nambala, poti sitima zotere zimabwera ndi timanambala tosiyanasiyana toti mwiniwake asankhe n'kumata yekha. Koma a Hokari, ndi mutu wawo wouma uja, anamata nambala imodzimodzi pa zonse, ya sitima yeniyeni imene bambo awo ankaithira malasha kalelo. Anzawo ankawaseka kuti ndi bambo wanji wopatsa ana asanu dzina limodzi.

A Kazamaki anatenga imodzi n'kuitembenuza chagada. Mawilo anali akuda ndi litsiro, m'magiya mutapiringizana ubweya wa mphaka, oyilo wakale atauma ngati phula. Anatembenuza yachiwiri, chimodzimodzi.

"Masaji iwe," anang'ung'udza, maso atayamba kuyabwa, "ulesi mpaka kumanda? Utsanzikane ndi anthu uli mbuu chonchi?"

Musawaweruze msanga. Kwa iwo zinali ngati kusambitsa maliro. Mnzawo wa ubwana anali atapita, ndipo iwo analibe luso la kulira kapena la kulankhula mawu okoma pamaso pa anthu. Luso lawo linali m'zala. Ndiye mlungu wonsewo anakhala pazenera, chipale chofewa chikugwa panja, akumasula, akupukuta, akudontheza oyilo ndi nsonga ya singano. Sanayese kuziyendetsa asanazitsuke, chifukwa lamulo lawo linali loti sitima yakuda siponda njanji. Pa imodzi mwa zisanuzo anapeza kuti kamkono kachitsulo kolumikiza mawilo kanali kopindika pang'ono. Anakagwira ndi kambaniro n'kukawongola osaganiza n'komwe kawiri, ngati munthu wochotsa kachitsotso paphewa la mnzake. Atamaliza, anazibwezera m'timabokosi mmene zinangogwera m'manja.

Lamlungu lotsatira a Tokie anakwera masitepe a sitolo ya nsalu ija koyamba m'moyo wawo. Anali mayi wamng'ono thupi, atavala chikhoti chakuda, m'manja atanyamula phukusi la timikate ta mpunga tokulunga m'masamba a nsungwi. Madala onse anaimirira, mawondo akulira, n'kuwerama. A Kazamaki anandandalika sitima zisanu zija panjanji ya pasiteshoni. Zinkanyezimira ngati zangotuluka m'sitolo, ndipo mumtima ankayembekezera kuti mayiyo aona.

"Alamu, nazi zonse. Yang'anani bwinobwino, musafulumire."

"Kuyang'ana?" anatero a Tokie. "Ine izi sindizidziwa ndi maso, a Kazamaki. Zonse n'zakuda ngati makala. Ziyendetseni imodziimodzi, ndimva."

Anatenga mpando, n'kuutembenuza kuti afulatire thebulo, n'kukhala pansi atatsinzina.

Yoyamba inanyamuka. Inayenda mwakachetechete, kaphokoso kake kosalala ngati nsalu yokokedwa pamkeka, inawoloka mlatho, inalowa m'phanga, inatulukira, inabwerera pasiteshoni. Madala angapo anagwedeza mitu kuyamikira ntchito. A Tokie anapukusa mutu. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu, yachinayi. Yachisanu itaima, mayiyo anakhala kanthawi asanatsegule maso.

"Pali ina yatsalira m'katoni?"

"Palibe, alamu."

"Ndiye a Nagumo munagwetsa ina panjira."

"Ine? Zaka zonse zija za takisi sindinatayepo ngakhale ambulera ya munthu, lero ndikataye sitima yathunthu?"

"Koma palibepo apa," anatero a Tokie. "Ija inkatsimphina. Inkati chonchi." Anagogoda ndi chala pamwendo wa mpando: ka-ta, ka-ta-ta, ka-ta, ka-ta-ta.

 M'maganizo a Kazamaki anaona kamkono kaja, anaona kambaniro m'dzanja lawo, anamva m'zala mmene kachitsuloko kanagonjera mosavuta. Anafuna kubisa manja kumbuyo koma anachedwa. A Tokie anali atatembenuka kale, ndipo sankayang'ana sitima ayi, ankayang'ana zikhadabo zawo zakuda ndi oyilo.

"Mwaikonza."

Silinali funso. 

"Mukudziwa chifukwa chake sanaibweretsepo kuno imeneyo?" anapitiriza mayiyo, mawu ali phee. "Ankakubisirani inuyo. Ankati, Shozo akangoiona imeneyi, aichiritsa."

Wina anatsokomola kumbuyo. A Nagumo anayang'ana kudenga.

Ndiye a Tokie anafotokoza, osakweza mawu, ngati akuuza khoma. Kuyambira pamene dokotala anawauza a Hokari kuti mtima wawo watopa, awiriwo anali ndi pangano losanenedwa. Bambo akakwera m'chipinda chawo masana, ankayendetsa yotsimphinayo, poti ndi yokhayo imene inkamveka mpaka kukhitchini, pansi penipeni pa chipindacho. Mayi akamaimva, ankadziwa kuti munthu ali bwino kumwambako. Ikachepetsa liwiro n'kuima, ankadziwa kuti watopa, n'kuteleka madzi a tiyi.

"Tsiku lija inayamba titangomaliza kudya masana," anatero. "Ine pansi ndikutsuka mbale, ikuyenda. Ndasita zovala, ikuyenda. Ndikuti eee, bambowa lero asangalala, asiye, ndisawasokoneze. Mpaka kunja kunayamba kuchita mdima, ikungoyendabe. Ndi pamene ndinakwera." Anapukuta chala chimodzi ndi chinzake. "Adokotala a kuchipatala anati anali atapita kalekale. Ndiye kuti masana onse aja ndinkamvetsera sitima yopanda woyendetsa, ine n'kumamwetulira kukhitchini. Ndipo sindine ndinaizimitsa. Ndinathamangira panja kukaitana anthu. Anyamata a ambulansi ndi amene anazula chingwe pakhoma."



"Sindimafuna zambiri. Ndimafuna Loweruka likubwerali, wansembe akapita, muibweretse kunyumba. Ndiimvenso kamodzi ndili kukhitchini kuja, ndikwere, ndiizimitse ndekha. Basi."

A Kazamaki anatsetsereka pampando n'kugwada, manja pansi, mphumi mpaka kukhudza matabwa ozizira.

"Dzukani, a Kazamaki," anatero a Tokie akumanga mabatani a chikhoti. "Mawondo amenewo akawonongeka palibe adzakukonzereni."

Anasiya phukusi la timikate lija pathebulo n'kutsika masitepe. Tsiku limenelo palibe anayendetsanso sitima, ndipo timikate tija tinagona pomwepo.

Lolemba m'mawa a Kazamaki anandandalika zisanu zija pathebulo lawo la pazenera n'kuziyang'ana ngati wapolisi woyang'ana akaidi. Ndi iti? Anayesa kukumbukira. Kodi linali tsiku lija kunabwera wa positi, kapena lija anapsereza nsomba? Kodi inali yachiwiri kuigwira kapena yomaliza? Mutu unangoti zii. Anatenga galasi lawo lokuzira zinthu n'kuyang'ana timikono tonse, mbali iyi ndi iyo. Tonse tinali towongoka, tonse tikuwala. Koyamba m'moyo wawo anatukwana manja awo chifukwa chogwira ntchito bwino.

A Nagumo anafika masana ake atanyamula kabotolo ka mowa wa mpunga, n'kukhala pamkeka miyendo ataiika pansi pa thebulo lalifupi lokhala ndi chotenthetsera kunsi.

"Adokotala, nkhope imeneyo bwanji? Ukuoneka ngati iweyo ndi amene tikukutsanzika Loweruka."

"Usandiseke lero, Nagumo."

"Sindikuseka. Ndabwera ndi nzeru. Tenga iliyonse pamenepo, pinda kamkono, izilira ka-ta ka-ta, nkhani yatha. Zonse n'zofanana, nambala imodzi, nkhope imodzi. Mayi uja adziwa bwanji?"

"Ndi khutu lija? Unamuona mmene anagogodera pampando?"

"Chabwino, tinene kuti khutu lamunamiza. Walira, wazimitsa, mtima wake wakhala pansi. Walakwa ndani?"

"Masaji adziwa."

"Masaji ali pamzere kumwamba uko akudikira sitima yake, alibe nazo ntchito zimenezi." A Nagumo anathira mowa m'tikapu tiwiri. "Iwe vuto lako ndi limeneli. Umafuna chilichonse chikhale ndendende. N'chifukwa chake tili pano."

 Mawuwo anawalasa a Kazamaki poti anali oona, koma kakapu kaja sanakagwire. Mayi uja anali atanamizidwa kale kamodzi ndi sitima imeneyi, masana athunthu. Iwo sakanatha kumunamizanso kachiwiri ndi dala.

Nzeru inabwera Lachitatu, osati chifukwa choganiza kwambiri ayi, koma chifukwa cha nsapato. Akuvala kuti akachotse chipale pakhomo ndi fosholo, anamva chidendene chikukhula pamene chimakhula nthawi zonse, ndipo atasuzumira m'nsapatomo anaona chikopa chitadyeka n'kusalala pamalo amodzi. Anaima mwendo umodzi uli m'mwamba. Chinthu chikamakhula chinzake zaka zambiri, bala silitsala pa chokhulacho chokha. Iwo masiku onsewa ankayang'ana kamkono, m'malo moyang'ana pamene kamkonoko kankamenya.

Analowanso m'nyumba nsapato imodzi ili kuphazi. Dzuwa linali litatuluka, likuwala pachipale n'kudzaza chipinda chonse ndi kuyera. Anatembenuza sitima imodziimodzi, galasi lili padiso, akusuzumira kuseri kwa mawilo, m'mphepete mwa kabokosi kakutsogolo mmene kamkono kamalowa ndi kutuluka. Ndipo pa imodzi anachiona: kachipsera kowala, kokhota ngati chodulidwa cha chikhadabo, pamene utoto wakuda unadyeka mpaka chitsulo kuonekera. Zinazo zinalibe.

"Ndiwe," anatero chapansipansi. "Ndiwe amene ankandibisira."

Anaganiza kuti chovuta chatha. Chinali chikungoyamba.

Manja amene kwa moyo wonse anaphunzira kuwongola sadziwa kupinda. Anagwira kamkono ndi kambaniro, zala zinakana. Anachita kudzikakamiza ngati munthu wofuna kudzibaya yekha jekeseni. Atapinda, anaika sitima panjanji yawo yoyeserera. Inayenda pang'ono, inagwira, inanjenjemera, n'kugwa cham'mbali pokhota. Anali atapinda kwambiri. Anabwezako pang'ono, n'kuyesanso. Inayenda yosalala, duu, ngati ikuwaseka.

Anaona kuti asamazunze kachitsulo kenikeniko, ayambe aphunzirira pa ka sitima ina. Anamasula kamkono ka imodzi mwa zinayi zija, anakapinda, anakamanga pa yotsimphinayo. Inalira ndithu, koma kulira kwake kunali kwina, kouma, kwa chitsulo chatsopano chosadziwa malo ake. Kakale kaja kanali katadyeka n'kupyapyala pamene kankakhula, ndipo mawu aja ankachokera m'kudyekako. Zaka ndi zimene zinaimba nyimbo imeneyo, osati kambaniro.

Anabwezera kakale kaja n'kuyambanso, pang'onopang'ono, akupinda mocheperapo kuposa tsitsi. Lachisanu masana inayamba kulankhula. Ka-ta, ka-ta, ka-ta. Anaitana a Nagumo pafoni kuti abwere akhale pansi kukhitchini amvetsere, iwo akuyendetsa m'chipinda cha pamwamba.

"Ukumva chiyani?" anakuwa pamasitepe.

"Firiji yako!"

"Sitima, mdala iwe!"

"Ikumveka! Ikuti ka-ta ka-ta. Si zomwezo?"

Sizinali zomwezo. Kaphokoso kachitatu kaja, kakang'ono kotsatira pambuyo, ka-ta-ta, kanalibe. A Kazamaki anatenganso galasi kuti apindeko kamodzi kena, ndipo ndi pamene anaona kamzere koyera kopingasa pakamkonopo, pamene chitsulo chinatopa ndi kupindidwa uku ndi uku. Anachidziwa chizindikiro chimenecho kuyambira ku ntchito. Kukhudzanso kamodzi kokha, kathyoka, ndipo sitimayo siyendanso n'komwe. Anakhala kambaniro kali m'manja mpaka tiyi wawo anazizira. Kenako anakaika m'kabati n'kutseka.

Loweruka kunacha kuli mitambo. Kunyumba kwa a Hokari wansembe anaimba mapemphero ake patsogolo pa kaguwa ka m'nyumba, utsi wa lubani ukukwera pamaso pa chithunzi cha malemu, achibale atagwada m'mizere, miyendo itachita dzanzi. A Kazamaki anakhala kumbuyo kwenikweni, kabokosi kali pamiyendo, osamva ngakhale liwu limodzi la pempherolo. Atatha mapemphero anthu anadya, anawerama, anabalalika. Madala a gulu lija anatsala panja pageti, zipewa zili m'manja, poti a Tokie anati m'nyumba mutsale awiri okha, a Kazamaki ndi a Nagumo.

"Mwaipeza?" anafunsa mayiyo ali pakhomo la khitchini.

"Ndaipeza, alamu. Koma..."

"Kwerani."

Chipinda cha a Hokari chinali monga anachisiyira. Njanji zinazungulira khoma lonse, kudutsa kamudzi ka nyumba zochepa ndi kasiteshoni kamatabwa. Pansi panali khushoni lawo, pakati pake patalowa m'kati chifukwa chokhalidwa. Palibe mwa awiriwo analiyandikira. A Nagumo analowetsa chingwe pakhoma. A Kazamaki anagwada, n'kuika sitima panjanji.  Pansi pawo ankamva madzi akutuluka pampopi ndi mbale zikugundana. Mayi uja anali atayamba kutsuka, monga tsiku lija.

Anapotoza kachitsulo koyendetsera.

Ka-ta, ka-ta, ka-ta.

Iwo ankaganiza kuti adikira nthawi yaitali. Ankaganiza kuti mayiyo akhala pansipo akumvetsera, mwina akulira, mwina akupukusa mutu monga anachitira pasitolo ya nsalu, kenako adzawaitana kuti atsike azipita. Koma sitimayo isanamalize n'komwe kuzungulira kachiwiri, madzi pansi anasiya kumveka. Mbale inagwera m'sinki. Ndiye panamveka mapazi pamasitepe, othamanga, othamanga kuposa mmene mayi wa zaka zimenezo amayenera kuthamangira. Chitseko chinakankhidwa mwamphamvu mpaka chinagunda kumapeto.

A Tokie anaima pakhomo akupuma mwawefuwefu, manja akudontha madzi a sopo. Maso awo sanapite pa sitima kapena pa madala awiriwo. Anapita pakhushoni paja.



"Si mawu ake," anatero pomaliza.

"Pepani, alamu." A Kazamaki anaweramitsa mutu. "Sitimayo ndi yomweyo, ndikhoza kukuonetsani chipsera chake. Koma mawu ndalephera. Ndikanapitiriza, kamkono kakanathyoka."

"Ndamva kuti si mawu ake." Mayiyo anapukutira manja pa epuloni, pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. "Ndimati ndikhala pansi ndimvetsere. Ndinakonza n'kale mpando. Koma nditangomva, mtima unati kumwambako china chake chalakwika. Miyendo inanyamuka yokha." Anayang'ananso pakhushoni paja. "Ikanalira chonchi tsiku lija..."

Sanamalize. A Nagumo anatulutsa kampango n'kumina mwaphokoso, akuyang'ana pazenera.

A Tokie analowa, nazungulira khushoni lija, kenako anasintha maganizo n'kugwada pomwepo, mawondo awo m'malo olowa m'kati aja. Anayang'ana kabokosi koyendetsera ngati chinthu cha dziko lina.

"Ndi kati?"

A Kazamaki analoza osakhudza. "Ako. Mupotozere kumanzere."

Mayiyo anaika zala pakachitsulopo koma sanapotoze msanga. Anaisiya sitimayo idutse patsogolo pawo, ilowe kuseri kwa kamudzi, itulukire. Anaiyang'ana ndithu, mwina koyamba, kanthu kakuda kakang'ono kakugwedeza phewa limodzi poyenda.

"Ndiye ndi kameneka," anatero. "Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti n'chachikulu."

Kenako anapotoza, osati kamodzi n'kamodzi ayi, koma pang'onopang'ono, monga ankamvera kuchokera kukhitchini bambo akatopa. Ka-ta. Ka-ta. Ka. Ta. Sitimayo inakwawa, inagwedezeka kotsiriza, n'kuima.

Chete amene anatsatira anali wolemera moti madala a pageti aja, amene sankamva kalikonse kuchokera panjapo, akuti anadziwa okha n'kuwerama.

A Tokie anakhala atagwada nthawi ndithu. Podzuka anakana dzanja la a Nagumo, anagwira khoma.

"Zinayi zinazo tengani, a Kazamaki," anatero osawayang'ana. "Muzizikonza mmene mungafunire. Iyi itsale pamene yaimapa. Musadzaigwirenso."

"Ndamva, alamu."

"Ndikateleke madzi a tiyi."

Anatuluka, ndipo mapazi awo anatsika masitepe mwapang'onopang'ono, ngati a mayi wokalamba tsopano.

A Kazamaki anatsala atagwada, akuyang'ana. Sitimayo sinafike pasiteshoni. Inaima patsala kadanga kotalika ngati chala kuti ifike pamene anthu amakwerera, mphuno yake ili pakati pa tchire la pepala ndi chiyambi cha matabwa, malo amene woyendetsa aliyense wodzilemekeza sangasiyepo sitima. Kungoikankha pang'ono ndi nsonga ya chala ikanakhala pamalo pake. Anamva dzanja lawo lamanja likudzuka lokha pabondo.

"Shozo," anatero a Nagumo chapansipansi.

A Kazamaki analibweza dzanjalo, analowetsa manja onse awiri pansi pa ntchafu zawo, n'kuwakhalira mpaka ketulo inalira kukhitchini.